Pisitoni yawonongeka kawiri pamalo amodzimodzi: kodi ndi dzuwa la ku Salima?

"Zikomo akatswiri. Ndili ndi lole ya matani atatu, injini yake ndi ya dizilo, ya masilinda anayi, ya tebo. Imanyamula usipa wouma kuchokera ku Senga Bay ndi mpunga wa ku Lifuwu kupita ku Lilongwe. Chaka chatha pisitoni ya nambala 3 inang'aluka pamwamba, tinapanga ovaholo n'kuika mapisitoni atsopano. Mu Okutobala muno, tikukwera chitunda cha ku Mvera, injini inayamba kugogoda, utsi woyera uli tolo. Titatsegula tapeza pisitoni ya nambala 3 yomweyo yasungunuka m'mphepete mwa dzenje lake la pamutu. Chodabwitsa n'chakuti geji ya kutentha sinakwere n'komwe. Amakaniko anga akuti ndi dzuwa la kuno. Mnzanga akuti ndinagula mapisitoni achinyengo, ndifune achitsulo. Ndimve ziti? Ndalama zandithera." Mwini lole, Salima.

Pepani kwambiri bambo. Ovaholo kawiri motsatizana chonchi ndi ndalama zambiri, ndipo lole ikaima ndiye kuti pakhomo ponse paima. Komabe mtima ukhale m'malo. Pa zonse mwalembazi pali mfundo imodzi yomwe ikundipatsa chiyembekezo: pisitoni yowonongeka ndi ya nambala 3 maulendo onse awiri. Injini yotheratu siisankha silinda. Vuto likamabwerera pamalo amodzimodzi, ndiye kuti pali chinthu chimodzi chomwe chikupha pisitoni ya pamalopo. Chinthucho chimapezeka, ndipo kawirikawiri chimakhala chotsika mtengo kuposa pisitoni yomwe chikuwonongayo. Ngati buloko sinang'aluke ndipo koni rodi (ndodo yomwe pisitoni imalumikizidwako) sinapindike, injini yanuyo idzuka bwinobwino.

Kuti timvane, ndiyambe ndafotokoza zomwe pisitoni ya dizilo imakumana nazo m'kati muja. Injini ya dizilo siyatsa moto ndi mapulagi ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya wokhawokha kuwirikiza ka 16 mpaka ka 20 kapena kuposera apo, mpweyawo n'kutentha kupitirira madigiri 500, ndiye dizilo akangopoperedwamo amayaka yekha. Moto wake umafika cha m'ma madigiri 2,000. Pa injini ya tebo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), mphamvu yomwe imakankha pisitoni imapitirira 100 bar (bar ndi muyezo wa kupanikiza), zomwe pa pisitoni ya masentimita 10 m'mimba mwake zikufanana ndi kulemera kwa matani 8. Injini ikamazungulira ka 2,400 pa mphindi, pisitoni iliyonse imalandira moto umenewu ka 20 pa sekondi imodzi.

Tsono mapisitoni a malole ang'onoang'ono ngati yanuyo ndi a aluminiyamu wosakaniza ndi silicon pafupifupi magawo 12 pa 100 aliwonse. Aluminiyamu weniweni amasungunuka pa madigiri 660, wosakanizayu amayamba kusungunuka asanafike n'komwe pa 600, ndipo akangopitirira 350 amakhala atafooka kale kwambiri. Mungafunse kuti nanga chinthu chosungunuka pa 600 chikhala bwanji zaka ndi zaka pansi pa moto wa 2,000? Taganizirani poto wa aluminiyamu pa mbaula ya makala. Muli madzi, makala angayake bwanji poto sasungunuka, chifukwa kutentha kukungodutsa mwa iye n'kulowa m'madzi. Madzi akaphwera osaonapo, pansi pa poto pamapindika mpaka kubowoka. Pisitoni nayo sinapangidwe kuti izipirira moto, inapangidwa kuti izipereka kutentha kwina mwamsanga kuposa momwe kukulowera. Akatswiri opanga mapisitoni ntchito yawo yaikulu ndi yokonza njira zotulukira kutenthako. Ndiye pisitoni ikasungunuka, mafunso ndi awiri okha: kodi moto unachuluka kuposa muyezo, kapena njira yotulukira inatsekeka?

Njira yoyamba ndi maring'i. Kutentha kumachoka pamutu pa pisitoni, kutsikira m'mbali, kulowa m'maring'i, kuchoka apo kulowa m'khoma la silinda, n'kukathera m'madzi omwe akuzungulira kunja kwake. N'chifukwa chake mutu wa pisitoni ya dizilo ndi wochindikala ndipo kunsi kwake n'kopindika mosalala, kopanda ngodya zakuthwa. Pa injini zakale zopanda tebo, monga zija zoyendetsa zigayo ndi mapampu a madzi, kutentha kochuluka kumatulukira njira imeneyi. Pamene pali povuta ndi pa ring'i ya pamwamba. Mpata womwe imakhalamo suyenera kupitirira kwambiri madigiri 250, chifukwa kuposera apo oyilo amapsa n'kusanduka makala, ring'i n'kumatirira. Ring'i yomatirira sigwira khoma, sipereka kutentha, ndipo moto umayamba kudutsa m'mbali mwake. Tatengani pisitoni yanuyo muyang'ane mpata wa ring'i ya pamwamba. Pa pisitoni yabwino ya dizilo muona mkombero wa chitsulo chotuwirako, chosiyana mtundu ndi aluminiyamu. Chimenecho ndi chitsulo cha kasiti chosakaniza ndi nickel, chotchedwa Ni-resist, chomwe amachiika mu chikombole asanathire aluminiyamu kuti zigwirane. Anasankha chimenecho chifukwa chimafutukuka pafupifupi mofanana ndi aluminiyamu chikatentha, ndiye sichilekana naye. Popanda mkombero umenewu mpata wa ring'i umakula msanga ndi kumenyedwa. Mainjini ambiri amagwiritsanso ring'i ya pamwamba yosongokera m'kati, yomwe ikamasuntha imadzikolopera yokha makala.

Njira yachiwiri ndi oyilo, ndipo apa ndikufuna mukhale tcheru chifukwa ndikukayikira kuti mwina nkhani yanu yagona pomwepa. Ambiri timadziwa kuti oyilo ndi wofewetsa zitsulo basi, koma pa injini ya tebo alinso ndi ntchito yoziziritsa mapisitoni. Kunsi kwa silinda iliyonse, m'kati mwa buloko, kuli kapaipi kakang'ono kopindika koloza m'mwamba. Kameneka kamathira oyilo kunsi kwa mutu wa pisitoni nthawi yonse injini ikamagwira ntchito. Pa mainjini amphamvu anaona kuti kuthira kunsi kokha sikukwanira, ndiye anaboola ngalande yozungulira m'kati mwenimweni mwa mutu wa pisitoni, kuseri kwa maring'i, pafupi ndi dzenje la moto. Mmene amaipangira ngalande imeneyi zimandisangalatsa nthawi zonse ndikamafotokozera anyamata ophunzira ntchito. Amaumba mkombero wa mchere wopanikizidwa zolimba, amauika mu chikombole, n'kuthira aluminiyamu wosungunuka mozungulira. Mchere susungunuka pa kutentha kumeneko, umafuna madigiri 800. Aluminiyamu akazizira amaboola timabowo tiwiri kunsi n'kutsuka mcherewo ndi madzi, m'kati n'kutsala ngalande yosalala. Bowo limodzi ndi lolowera oyilo wochokera ku kapaipi kaja, linalo ndi lotulukira.

Ngalandeyi siyenera kudzaza. Amaiyeza kuti oyilo azikhala pafupifupi theka, kuti pisitoni ikamakwera ndi kutsika oyiloyo azimenyeka kudenga ndi pansi pa ngalandeyo mwamphamvu. Kumenyeka kumeneko ndiko kumachotsa kutentha kwambiri kuposa oyilo woyenda mwakachetechete. Pa pisitoni yotere, kutentha kochuluka kumatuluka ndi oyilo, maring'i amangotenga kotsala. Ndiye taonani: kapaipi kaja kakangopindika pang'ono, oyilo amaphonya bowo lolowera, ngalande imauma, ndipo pisitoni ya silinda imeneyo yokha imayamba kupsa pamene zinzake zitatu zili bwino.

Chinanso chomwe opanga anachiganizira ndi kufutukuka. Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha silinda. Mutu wa pisitoni wa masentimita 10 ukatentha ndi madigiri 300 umakula kupitirira theka la milimita, pamene mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda kunsi kuja umangokhala cha pa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Choncho pisitoni yozizira si yozungulira bwinobwino ngakhale maso amaiona choncho. Kumutu ndi yaing'ono, kunsi ndi yaikulu, ndipo mbali ya pini ndi yopyapyalako kuposa mbali inayo. Imadzakhala yozungulira ikatentha pa ntchito. N'chifukwa chake pisitoni timaiyeza kunsi, mopingasa ndi pini, pamalo pomwe buku la injini lanena, ndipo timayeza ndi maikolomita (chida choyezera molondola kwambiri), osati kungoilowetsa mu silinda n'kuigwedeza ndi dzanja.

Malo otentha kwambiri pa pisitoni yonse ndi m'mphepete mwa dzenje la pamutu, pomwe yanuyo yasungunukapo. Dzenje limeneli lili pa mainjini omwe nozo (nsonga ya injekita, chipangizo chopopera dizilo mu injini) imapopera dizilo molunjika pa pisitoni, monga ambiri a Canter ndi Isuzu Elf. Mainjini ena akale, monga Toyota 3L ndi 5L, amayatsira moto m'kachipinda ka mu silinda hedi, ndiye mapisitoni awo ndi athyathyathya pamwamba. Mlomo wa dzenjelo anaupanga wopindikira m'kati kuti mpweya uzizungulira n'kusakanikirana bwino ndi dizilo, koma mlomo wotere ndi wopyapyala, moto umauomba mbali ziwiri, ndipo uli kutali ndi maring'i. Pa mainjini amakono pamenepa pamafika madigiri 350 mpaka 400 ngakhale zonse zili bwino. Mpata wotsala kuti pafike poipa ndi wochepa.

Kung'aluka kwa chaka chatha kuja kumabwera motere. Mukaponda moto pa chitunda, mlomo wa dzenje umatentha msanga n'kufuna kufutukuka, koma chitsulo chozungulira chomwe chili chozizirirako chimaukaniza, ndiye umafinyika. Mukatsika chitunda n'kuchotsa phazi, mlomowo umazizira n'kuyamba kukokeka. Kufinyika ndi kukokeka kumeneku kukabwerezedwa kambirimbiri pa kutentha kopitirira muyezo, pamayamba kamng'alu kosaoneka ndi maso, kenako kamakula mpaka moto kumadutsamo. Kwa ine, kung'aluka kwa chaka chatha ndi kusungunuka kwa chaka chino ndi nthenda imodzi. Inangokula chifukwa pa ovaholo yoyamba munasintha chovulala, chovulaza n'kutsala momwemo.

Za geji musadabwe. Geji ya pa dashibodi imayeza madzi, pamalo amodzi, pafupi ndi potulukira mu silinda hedi. Sidziwa chilichonse cha mutu wa pisitoni. Pisitoni imodzi ikhoza kufika posungunuka m'mphindi zochepa, radiyeta ikugwira ntchito yake bwinobwino, muvi uli pakati.

Nanga dzuwa la ku Salima? Amakaniko anu sananame kotheratu. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja kumatentha mpaka madigiri 35 kapena kuposa, mpweya wolowa mu injini umakhala wotentha, radiyeta ndi intakula (choziziritsira mpweya wochokera mu tebo) zimavutika kutaya kutentha. Msewu wa M14 nawo umakuchotsani pa mamita pafupifupi 500 kukufikitsani kupitirira 1,000 ku Lilongwe, ndipo zitunda za ku Mvera ndi Chezi n'zazitali kwa lole yodzaza. Zonsezi zimachepetsa mpata wotsala uja. Koma dzuwa limawomba masilinda onse anayi mofanana. Silingasankhe nambala 3 kawiri konse. Malole ambirimbiri amakwera msewu womwewo tsiku lililonse la chilimwe mapisitoni osasungunuka.

Woyamba kumukayikira ndi injekita ya nambala 3. Nozo yabwino imatseguka pa mphamvu yoikika, cha m'ma 200 bar pa mainjini a pampu wamba, n'kutulutsa dizilo wonga nkhungu kudzera m'timabowo tingapo, kenako n'kutseka msanga popanda kudontha. Nozo yotha imadontha, kapena bowo limodzi limatulutsa dizilo wolunjika ngati mzere. Dizilo wotere sapsera mu mpweya, amakafika pa chitsulo cha pisitoni n'kuyakira pomwepo, pamalo amodzi, ka 20 pa sekondi. Funso langa kwa inu ndi ili: pa ovaholo ya chaka chatha, kodi mainjekita anapita kokayezedwa, kapena anangotsukidwa n'kubwezedwa m'malo mwake? M'magalaja ambiri amabwezedwa choncho, iliyonse pa silinda yake yakale, chifukwa ndalama zimakhala zathera ku mapisitoni ndi ma bearing.

Pisitoni yakufayo musataye, ndiyo mboni yanu. Itsukeni ndi palafini muiike poyera. Pamutu pa pisitoni ya silinda yabwino mumaoneka zizindikiro za mwaye zofanana kukula, chimodzi pa bowo lililonse la nozo, zotalikirana mofanana. Ngati kusungunuka kuli mbali imodzi, molunjika ndi chimodzi mwa zizindikirozo, chitsulo chikuoneka chodyekadyeka ngati chakumbidwa, pamenepo nozo ndiyo yalakwa. Kenako itembenuzeni muone kunsi kwa mutu. Pisitoni yomwe imalandira oyilo wokwanira kunsi kwake kumakhala koyera kapena kofiirira pang'ono. Mukapeza kwakuda bii, oyilo atapserera n'kuuma gwa, pamene kunsi kwa zinzake zitatu kuli koyera, ndiye kuti oyilo samafika mokwanira. Yang'ananinso m'mbali. Mikwingwirima yoyambira kumutu kutsika m'munsi imasonyeza kuti mutu unafutukuka mopitirira chifukwa cha moto. Mikwingwirima inayi m'mbali mwa mabowo a pini imasonyeza kuti pisitoni yonse inatenthedwa. Ikakhala kunsi kokha mbali zonse ziwiri, mutu uli bwino, ndiye kuti mpata unachepa poboola silinda.

Wachiwiri kumukayikira ndi kapaipi ka oyilo kaja. Kamapindika mosavuta pamene anthu akulowetsa koni rodi kapena akupala silinda osakachotsa. Ndakhala ndikutsegula mainjini ongochoka kumene pa ovaholo n'kupeza kapaipi kataphwanyidwa kukamwa, kena katatsekeka ndi nyenyeswa za phala lomatira gasiketi lija la m'chubu, lomwe anthu amapaka mowolowa manja pa sampu, lotsala n'kugwera mu oyilo. Pa mainjini ambiri bawuti yomangira kapaipika ili ndi kavavu m'kati, komwe kamatseguka pokhapokha mphamvu ya oyilo ikakwera. Kavavuko kakamatirira, oyilo sadutsa ngakhale kapaipi kali kowongoka. Auzeni amakaniko achotse tonse tinayi, atiike pamodzi pa tebulo, ayerekeze kupindika kwake, apopere mpweya m'kati, ndipo kokayikitsa kasinthidwe. Kuwongola ndi pulayala sindikulimbikitsa, chifukwa kuloza kwake kumafuna kulondola kwambiri.

Tsono za mnzanu uja wonena za mapisitoni achinyengo. Izi zimachitikadi, ndipo nthawi zina si chinyengo koma kusadziwa. Injini imodzimodzi imatha kukhala ndi mtundu wa tebo ndi wopanda tebo. Mapisitoni ake amalowa mu silinda mofanana, koma wa tebo uli ndi ngalande ya oyilo, dzenje lake ndi losiyana, ndipo wopanda tebo ndi wotchipa. Wogulitsa akangomva dzina la injini amapereka womwe ali nawo. Yerekezani yatsopano ndi yomwe inabwera ndi injini: timabowo tiwiri ta ngalande tilipo kunsi? Mkombero wa chitsulo pa ring'i ya pamwamba ulipo? Dzenje ndi lofanana kukula ndi kuya kwake? Kulemera kukufanana pa sikelo? Pogula tengani nambala ya injini yonse, osati dzina lokha. Komabe kumbukirani kuti pisitoni yoyamba kung'aluka inali ya kale, musanagule zatsopanozi, ndipo mwa zatsopano zinayi yafa ndi imodzi, pamalo omwewo. Ngati mapisitoniwo ali osayenera, angofulumizitsa vuto lomwe linalipo kale.

Mapisitoni achitsulo alipodi, koma si a lole yanu. Malole akuluakulu okoka ngolo ndiwo amakhala nawo, chifukwa mainjini awo amafika 200 bar ndi kuposa, pomwe aluminiyamu sangathe. Kampani ya Mahle ya ku Germany inayamba ndi a zigawo ziwiri otchedwa Ferrotherm, mutu wachitsulo ndi kunsi kwa aluminiyamu zolumikizidwa ndi pini, kenako inabweretsa Monotherm, wachitsulo yekhayekha. Mercedes-Benz inayamba kuika mapisitoni achitsulo m'galimoto zing'onozing'ono za dizilo mu 2014. Chitsulo chimapirira kutentha kwambiri ndipo chimafutukuka pang'ono, koma chimayendetsa kutentha pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi kuchepera aluminiyamu. Choncho pisitoni yachitsulo imadalira oyilo kwambiri kuposa ya aluminiyamu, imafuna ngalande yaikulu ndi pampu ya oyilo yoyenerana nayo, ndipo kutalika kwake, koni rodi yake ndi mipata yake zonse zimakonzedwa pamodzi ndi injiniyo. Si chinthu chongogula n'kulowetsa. Ndipo nozo yodontha ikhoza kuwononga ngakhale yachitsuloyo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kampani ya Cummins pamodzi ndi asilikali a ku America anayesanso njira ina, yokuta m'kati mwa injini ndi zoumbaumba zosayendetsa kutentha kuti injini isafune n'komwe madzi. Phindu linali lochepa kuposa momwe ankayembekezera, oyilo sankapirira, ndipo mpaka lero mainjini a pamsewu akudalirabe njira yotulutsa kutentha.

Pali zinthu zina zomwe zimatenthetsa masilinda onse, zomwe zimachititsa kuti silinda yofooka igonje msanga. Chachikulu mwa izo ndi kutsegula pampu. Eni malole ambiri amapempha kuti awonjezere dizilo pa pampu kuti lole izikwera ndi mphamvu. Mphamvu imabweradi, koma walira mvula walira matope: dizilo wochuluka kuposa mpweya amapsa mochedwa, utsi umada, ndipo kutentha kwa mutu wa pisitoni kumakwera. Ngati chidindo cha pa pampu yanu chinadulidwa, pampuyo ipite pa makina ikabwezedwe pa muyezo wake. Taimingi (nthawi yomwe dizilo amapoperedwa mu silinda) yofulumira kwambiri nayo imawonjezera kugogoda ndi kutentha. Mpweya ukachepa zotsatira zake n'zomwezo, kaya chifukwa cha fyuluta yodzaza fumbi la misewu ya kumadoko, kaya paipi ya intakula yong'ambika, kaya intakula yomatidwa ndi matope ndi tizilombo kutsogolo. Utsi wakuda pa chitunda muziuona ngati chenjezo, osati chizindikiro cha mphamvu.

Dizilo wa m'zigubu ndiye mdani wa manozo. Ndikudziwa kuti mafuta akasowa pa filing'i siteshoni munthu umagula pomwe wapeza, nsomba sizidikira. Koma mafuta otere amakhala ndi madzi, fumbi, nthawi zina osakaniza ndi palafini, ndipo singano ya nozo ndi yosalala kwambiri moti kanthu kakang'ono kamaikanda. Zikakukakamizani, asiyeni akhazikike usiku wonse, musathire a pansi pa chigubu, ndipo fyuluta ya dizilo muziisintha msanga.

Ku mbali ya madzi ndinene mwachidule. Thamositati musachotse, ngakhale ambiri kuno amachotsa poganiza kuti akuthandiza. Madzi a pa mjigo amasiya miyala m'kati mwa buloko ndi radiyeta, ndipo miyalayo imatsekereza kutentha kuchoka pa khoma la silinda. Masilinda a pakati ndi a kumbuyo ndiwo amayamba kuvutika. Poti injini ili kale pansi, buloko itsukidwe m'njira zake zonse za madzi, ndipo muthire kulanti (mankhwala a m'radiyeta) wosakaniza ndi madzi oyera. Oyilo akhale weniweni wa mainjini a dizilo, 15W-40 wa mlingo wa CH-4 kapena CI-4, wogula pamalo odalirika, ndipo oyilo kula (choziziritsira oyilo) itsukidwe kapena isinthidwe, chifukwa tizidutswa ta pisitoni yosungunuka timabisala momwemo.

Adalaivala anu nawonso mukhale nawo pansi. Choopsa kwambiri kwa pisitoni ndi kukwera chitunda pa giya ya pamwamba, ya liwiro, phazi lili pansi, injini ikulira motsika. Pamenepo dizilo akulowa wochuluka, mpweya ndi wochepa, pampu ya madzi ndi ya oyilo zikuzungulira pang'onopang'ono, ndiye moto wachuluka pamene oyilo wa ku mapisitoni wachepa. Atsitse giya msanga chitunda chisanawagwire, injini izizungulira momasuka. Katundu akhale wa matani atatu monga lole inapangidwira, makamaka mpunga, womwe umalemera ngakhale matumba akuoneka ochepa. Nyengo yotentha ino ndi bwino kunyamuka m'bandakucha. Akafika pamwamba kapena pa malo otsitsira, asazimitse nthawi yomweyo, injini ilire payokha mphindi ziwiri kapena zitatu kuti oyilo achotse kutentha kotsala mu mapisitoni ndi mu tebo.

Pomanga injini ulendo uno, pali ntchito zina zomwe si za pansi pa mtengo wa mango, ngakhale amakaniko anu ali aluso chotani, chifukwa zimafuna zipangizo. Mainjekita onse anayi pamodzi ndi pampu apite kwa akatswiri a mapampu a dizilo omwe ali ndi makina oyezera. Ku Lilongwe aliko. Pemphani kuti muone nokha nozo ya nambala 3 ikuyezedwa: muone mphamvu yomwe ikutsegukira, maonekedwe a nkhungu yake, ndiponso ngati kukamwa kwake kukunyowa akaigwira pa mphamvu yotsikirako pang'ono. Dzanja lisayandikire nkhungu imeneyo, imaboola khungu, ndipo wolasidwa nayo athamangire kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale bala likuoneka laling'ono. Ngati lole yanu ndi yamakono ya common rail (yomwe mainjekita ake amayendetsedwa ndi kompyuta), mphamvu ya dizilo imapitirira 1,500 bar, mainjekita ake amayezedwa pa makina apadera, ndipo ambiri amafuna kulembetsa manambala ake mu kompyuta ya galimoto akasinthidwa. Buloko ndi silinda hedi zipite ku injiniyaring'i akayeze ngati zili zowongoka ndi zopanda ming'alu, ayezenso koni rodi ya nambala 3. Mapisitoni akalowa, ayeze momwe akutulukira pamwamba pa buloko ndi geji ya wotchi, chifukwa pa mainjini ambiri muyezo umenewu ndiwo umasankha kuchindikala kwa gasiketi. Maring'i aikidwe chizindikiro chili m'mwamba, ndipo mpata wa kumapeto kwake uyezedwe mu silinda momwemo.

Ngati thumba lilola, ikitsani geji yoyeza kutentha kwa utsi pa manifodi (mapaipi otulutsa utsi mu masilinda), utsi usanafike ku tebo. Imeneyi ndiyo imauza dalaivala zomwe mapisitoni akumva. Muvi ukamakhalitsa kupitirira madigiri 700, achepetse phazi kapena atsitse giya.

Injini ikadzuka, masabata oyamba muinyamulitse katundu wopepuka, musinthe oyilo ndi fyuluta msanga, ndipo muzimvetsera. Kugogoda kwakuthwa kochokera pa silinda imodzi, kunjenjemera injini ikamalira payokha, utsi woyera wonunkha dizilo injini itatentha kale, mpweya wambiri wotuluka pa chivundikiro cha oyilo, kapena oyilo yemwe akuchuluka yekha pa dipisitiki, chilichonse mwa zimenezi chikaoneka lole iime pomwepo, muitane amakaniko, ndipo injekita ya silinda yokayikitsayo ichotsedwe ikayezedwe musananyamulenso katundu wina.